Atachimenti ya utolankhani wa pa wailesi kuno ku Joni: ndigogode khomo liti?

Nachisale_Braam
Moni nonse. Pagulu pano ndimangowerenga mwakachetechete, koma lero zandivuta. Ndili chaka chomaliza cha utolankhani wa pa wailesi ndi kanema pa yunivesite ina konkuno, ndipo kuti ndimalize akufuna ndikakhale masabata 6 pa nyumba youlutsira mawu, mkonzi wa kumeneko asaine kabuku kanga. Aphunzitsi anangotipatsa mndandanda wa malo, basi aliyense adzionere yekha. Chiyambire Malichi ndatumiza makalata 14, ayankha awiri okha. Ena akuti mwayi wawo ndi wa nzika za dziko lino, enawo akuti bwera koma sitikupatsa ngakhale ya takisi. Anzanga m'kalasi ambiri apeza kale, ena kudzera mwa amalume awo. Ine amalume anga ali ku Tsangano, akulima kachewere. Ndivomere kwaulereko kapena ndidikirebe?

MalumeWaMayfair
Amalume ena tili pompano mwanawe, kungoti wailesi yomwe ndimaidziwa ine ndi ya m'galimoto ya abwana kkkk. Dekha, odziwa akubwera.

Kamba_wa_Mawu
Chemwali, ndagwirapo m'zipinda za nkhani kuno kwa zaka zingapo, ndiye ndikuuzeni pomwe pakukodwa makalata anu. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Pali internship ya chaka chathunthu yokhala ndi kamalipiro, ndipo pali atachimenti ya sukulu ngati yanuyi. Yoyambayo nthawi zambiri ndalama yake siichokera m'thumba mwa wailesi. Imachokera ku MICT SETA, bungwe lomwe limayendetsa ndalama zophunzitsira ntchito za mauthenga ndi makompyuta, kapena ku pulogalamu ya YES yopatsa achinyamata mwayi woyamba ntchito, yomwe inayamba mu 2018. Ndalama zimenezo anazikonzera achinyamata a dziko lino, ndipo kampani imapezerapo mapointi a B-BBEE, ndondomeko ya boma yokweza anthu akuda pa chuma, ikalemba oyenerera. Ndiye kalata yanu ikafika kwa a HR, a ofesi yolemba anthu ntchito, akangoona pasipoti m'malo mwa ID ya manambala 13, amaiika pambali osawerenga n'komwe kuti inu simukupempha ndalama imeneyo.

Ndiye siyani kulembera a HR. Fufuzani dzina la mkonzi wa nkhani kapena woyendetsa mapulogalamu, mumulembere iyeyo. Mzere woyamba unene poyera kuti ndinu wophunzira, mukufuna masabata 6 okha, ndi gawo la kosi yanu, ndipo kalata ya dipatimenti yanu ili pomwepo. Musatumize CV yokha. Ikanipo mawu anu ojambula, mphindi ziwiri basi: mukuwerenga nkhani zitatu zazifupi zomwe mwalemba nokha, kenako kachidutswa ka macheza omwe munachita ndi munthu. Mkonzi alibe nthawi yowerenga masamba atatu onena za maloto anu, koma mphindi ziwiri amamvera akumwa khofi.

Nachisale_Braam
Achimwene, ndiye kuti onse 14 aja ndinalembera a HR. Iii.

Dolo_wa_Randburg
Zomwe anena a Kamba ndi zoona, koma ndichenjezeretu asanabwere aja okonda kunena kuti pita ku wailesi ya m'dera. Limbana ndi mayina akuluakulu. SABC ili pa Auckland Park pompa, eNCA ili ku Hyde Park, 702 ku Sandton, palinso Newzroom Afrika yomwe inayamba mu 2019. Dzina limodzi mwa amenewa likakhala pa CV, ngakhale ukabwerere ku Lilongwe anthu amakuimirira.

Kamba_wa_Mawu
Ndabwera kale ndine amene mukundinenayo kkk. Chemwali, pitani ku wailesi ya m'dera. Alex FM ku Alexandra, Jozi FM ku Soweto, kapena za pa sukulu, VOW FM ya ku Wits pa 88.1 ndi UJFM pa 95.4. Kumeneko manja ndi ochepa, ndiye sabata yoyamba yomwe amakupatsa maikolofoni.

Dolo_wa_Randburg
Maikolofoni yomveka mpaka pa msika wa tomato basi.

Mtsikana_wa_Kasungu
A Dolo, ine ndinatsata nzeru ngati yanuyo, ndikusimbireni. Ndinalimbana miyezi itatu mpaka ndinalowa pa nyumba ina yaikulu ya kanema, dzina ndisatchule. Tsiku loyamba anandipatsa kakhadi kolowera pachipata, ndinajambulitsa n'kutumiza kwa mayi. Zosangalatsa zinathera pomwepo. Masabata 8 ndinakhala pa kona ndi mahedifoni, kumvetsera macheza omwe ena ajambula n'kumalemba mawu onse pakompyuta, kuika ndi nthawi yake pambali. Kamera ndimangoiona ikutuluka ndi eni ake. Nditapempha kuti ndipite nawo kubwalo la milandu anati m'galimoto mulibe malo, komanso inshuwalansi yawo siikundikhudza. Pomaliza anandisainira kabuku bwinobwino, kundiyamikira kuti ndine wofatsa. Koma nditapita kukafunsira ntchito, anandiuza kuti tionetse zomwe unapanga. Ndinalibe ngakhale sekondi imodzi ya mawu anga. Mnzanga yemwe ndimamuseka kuti wapita ku kawailesi ka m'lokeshoni anatuluka ndi malipoti oposa 20 olembedwa dzina lake, ndipo anayamba ndi iyeyo kupeza ntchito.

Sindikuti kulemba macheza kuja kunali kopanda phindu. Kunandiphunzitsa kumva pomwe wandale wazemba funso, komanso kuti mawu oyenera kudula ali pati. Koma zimenezo sabata imodzi ikadakwana.

Dolo_wa_Randburg
Chabwino, koma munadziwana ndi anthu kumeneko. Manambala a foni aja si chuma?

Mtsikana_wa_Kasungu
Amene amandiyankhabe mpaka pano ndi mlonda wa pachipata, munthu wabwino kwabasi.

AnaPhiri_Rosettenville
Nonsenu mwadumpha funso la mwanayu. Wafunsa za kugwira ntchito yaulere. Ine ndikuti ayi. Dziko lino lili ndi malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, anayamba ndi R20 pa ola mu 2019, pofika Malichi 2025 anali pa R28.79. Ine wosesa m'nyumba za anthu ndimaidziwa nambala imeneyi pamtima, ndipo madamu akandichotsera ndimadziwa kuti ku CCMA, kodandaula nkhani za pantchito, kulipo. Ndiye mwana wa ku yunivesite azikadzuka m'bandakucha kwaulere? Tiyerekeze takisi ndi kachakudya ndi R70 patsiku. Masiku 30 ndi R2,100. Ndalama imeneyo ichokera kuti, kwa amalume a kachewere aja?

Kamba_wa_Mawu
Mayi, mtima wanu ndikuumva, ndipo za R2,100 simukunama. Koma atachimenti yomwe ndi gawo la kosi ambiri amaitenga ngati kalasi yomwe yasamukira kwina, osati ntchito yolembedwa. Mawailesi a m'madera nawonso amayendera anthu odzipereka, ena owerenga nkhani omwe mumawamva tsiku ndi tsiku salandira zoti n'kulipira lendi. Pomwe ine ndimaika malire ndi apa: masabata 6 akatha, akakuuza kuti khalabe uzitithandiza, ndipo dzina lako lili pa ndandanda wa mashifiti ngati wina aliyense, pamenepo si sukulu ayi. Pamenepo kambiranani za ndalama.

AnaPhiri_Rosettenville
Amayamba choncho. Lero masabata 6, mawa chaka chatha ukudya "experience" ndi mchere.

Wa_Mapepala
Pepani ndilowererepo ndi nkhani yosakoma. Nachisale, viza yako ndi ya sukulu eti? Malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko lino amalola wophunzira wa ku yunivesite kugwira ganyu osapitirira maola 20 pa sabata. Chipinda cha nkhani sichidziwa za maola 20, nkhani ikabuka mumachoka usiku. Usanayambe, pita ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa sukulu panu, akulembere kalata yonena kuti ichi ndi chigawo cha maphunziro ako, masiku ake akuti mpaka akuti. Kope ina ikhale kwa mkonzi, ina m'chikwama mwako limodzi ndi kope ya pasipoti. Udzatumidwa kupolisi, kukhoti, kumalo a zionetsero, ndipo wapolisi akamva kalankhulidwe kako funso loyamba silidzakhala la nkhani yomwe wabwerera.

Nachisale_Braam
Eya ndi ya sukulu, ikutha Disembala. Za kalatayi sindinaiganizepo, ndipita mawa lomwe.

Mnyanja_wa_Chipata
Bwanji palibe watchula Channel Africa? Ili mkati mwa SABC momwemo ku Auckland Park, ndipo imaulutsa m'Chinyanja, Silozi, Kiswahili, Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi. Mwana akuvutika kupikisana ndi anthu mazana pa Chizungu pomwe chiyankhulo chomwe anayamwira chili ndi desiki yakeyake. Sindikuti akamutenga, koma kalata imodzi ipite kumeneko.

MalumeWaMayfair
Chichewa, achimwene. Chinyanja ndi chanu cha "nifuna" ndi "ningachite bwanji" chija.

Mnyanja_wa_Chipata
Amalume, mpaka 1968 inunso mumati Chinyanja. Anasintha dzina ndi a Kamuzu pa msonkhano wa chipani, ife sitinaitanidwe ndiye tinangosunga lakale.

MalumeWaMayfair
Kkkk mwatero? Nanga cha ku Lusaka chosakaniza ndi Chibemba chija mumachitcha chiyani?

Mnyanja_wa_Chipata
Chimenecho ndi cha m'minibasi, sitiwerengera nyuzi.

Gogo_Theba
Ana inu mwandikumbutsa kutali. Wailesi mukuinenayo kale inkatchedwa Radio RSA, dzina la Channel Africa linabwera mu 1992. Ife tili anyamata ku Dedza tinkaisaka pa shortwave ndi kawailesi ka Nzeru, mabatire titawayanika padzuwa. MBC inali yokhayo kwathu, ndiye ukafuna kumva zina unkapotokola pang'onopang'ono usiku, mawu akubwera ndi kupita ngati mphepo. Tinkadziwa kuti ndi pakamwa pa boma la azungu la nthawi imeneyo, koma kumva Chichewa chikuchokera ku Joni komwe kunali abambo athu m'migodi, mtima unkagunda. Sindinkadziwa kuti ndidzakalambira mumzinda womwewo.

Usipa_Express
Poti mwatchula kumudzi, basi ya Lachisanu yabweretsa usipa, ufa woyera ndi kilombero. Ofuna andipeze ku inbox.

Admin_Chisomo
A Usipa, malonda ndi Loweruka, mukudziwa. A Malume ndi a Chipata, mlandu wanuwo unayamba tisanabadwe, suthera pano. Tibwerere kwa mwana.

Kamba_wa_Mawu
Komabe a Chipata agunda pomwe ndimafuna kufika. Chemwali, mu CV yanu Chichewa munachilemba pati?

Nachisale_Braam
Pansi penipeni, pafupi ndi zoti ndimakonda netiboli. M'makalata ena ndinachichotsa, ndimaopa kuti azingoona kuti ndine mlendo.

Kamba_wa_Mawu
Chikwezeni pamwamba. Ndikuuzeni chifukwa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown itapsa, anthu 76 anamwalira, ndipo mwa omwe ankakhalamo munali Amalawi ndi Atanzania ambiri. M'mawa umenewo ine sindinali pa shifiti, koma foni inalira kuti thamanga ku Albert Street, anthu akulankhula chiyankhulo chako. Ndinapeza atolankhani ali mbuu ndi makamera, opulumuka atakhala m'mphepete mwa msewu atafunda mabulangete, akuyankha "yes" ndi "no" basi. Nditangoti "pepani amayi, mwapulumuka bwanji," mayi wina anayamba kulira n'kufotokoza zonse, mmene anatulukira, yemwe akumusowa. Zimenezo palibe Chingerezi chomwe chikadazitulutsa.

Koma tsiku lomwelo ndinaphunziranso china chomwe m'kalasi amangochidutsa. Munthu akakukhulupirira chifukwa cha chiyankhulo, amakuuza zambiri kuposa zomwe akanafuna kuti dziko limve. Ena analibe mapepala. Ena abale awo kumudzi anali asanamve za maliro. Ndinkayamba ndawafotokozera m'Chichewa kuti izi zikamveka pa wailesi, dzina lanu ndilitchule kapena ayi, ndipo angapo anakana, ndinazimitsa. Mkonzi sanakondwe kuti ndasiya mawu amphamvu choncho, tinakangana ndithu. Mpaka lero ndimaona kuti ndinachita bwino. Mukapita ku atachimenti adzakutumani kwa anthu akwathu chifukwa ndinu nokha owamva, ndiye konzekerani mkangano umenewo.

AnaPhiri_Rosettenville
Tsiku limenelo musandikumbutse. Tinasonkha ndalama ku tchalitchi mwezi wathunthu.

Mtsikana_wa_Kasungu
Powonjezera pa za a Kamba: werenga malamulo a BCCSA usanayambe, ndi komwe omvera amakadandaula wailesi ikalakwitsa. Makamaka za ana. Mwana yemwe wakhudzidwa ndi mlandu, kaya ndi wolakwiridwa, mboni kapena woimbidwa mlandu, sutchula dzina lake kapena chilichonse chomuzindikiritsa. Wophunzira amalakwitsa pomwepa chifukwa chofuna kuonetsa kuti wapeza zambiri.

Bambo_a_Tadala
Ine maganizo anga ndi osiyana ndi nonse. Bwanji osakachitira kumudzi pa tchuthi cha Juni? MBC ili pa Chichiri, Zodiak ku Lilongwe, kuli Times, Capital FM, MIJ FM, ngakhale Chanco Radio ku Zomba. Basi ndi masiku awiri kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ukagona kwa mayi, nsima yaulere. Ophunzira a ku MUBAS amachitira komweko ndipo amatuluka akudziwa ntchito. Komanso tinene zoona, viza ikatha Disembala udzagwira kuti? SABC yomweyo inachotsa anthu 621 mu 2021, eni dziko akusowa pogwira. Si bwino kuyamba kudziwika komwe udzakhale?

Dolo_wa_Randburg
Kulipira fizi ya marandi zaka zitatu kuti ukachite atachimenti ku Zomba? Bambo a Tadala inu.

Bambo_a_Tadala
Ku Zomba kuli omvera, a Dolo. Inu ku Randburg amakumverani ndani?

Wa_Mapepala
Nzeru ya kumudziyi si yoipa, koma afunse kaye ku dipatimenti ngati amavomereza malo a kunja kwa dziko. Aphunzitsi ena amafuna kudzakuyendera kapena kuimbira foni mkonzi. Asawononge ya basi kenako amve kuti kabuku sakalandira.

Mtsikana_wa_Kasungu
Ndipo akapita kumudzi asakatengere chizolowezi cha chipondamthengo kkk. Kaenvelopu ka pambuyo pa msonkhano wa atolankhani kaja. Kuno mkonzi akamva kuti walandira, ulendo wako wathera pomwepo.

Bambo_a_Tadala
Si onse amalandira kumudziko, tisanyoze.

Nachisale_Braam
Za kumudzi ndinafunsapo kale, anati zimatheka koma pempho limayenera kulowa semesita isanayambe. Ndachedwa. China chomwe chimandiopsa ndi lilime langali. M'kalasi nditawerenga nkhani ya ku Gqeberha anzanga anaseka mpaka misozi.

MalumeWaMayfair
Ingonena Port Elizabeth mwanawe, tonse timatero.

Kamba_wa_Mawu
Ayi amalume, dzina linasintha mu 2021, pa wailesi sanganene lakale. Chemwali, kalankhulidwe ka kwanu musalimbane nako, omvera a ku Joni anazolowera malilime a mitundu yonse. Chomwe sakhululuka ndi kuphonya dzina la munthu kapena la malo awo. Pezani mnzanu wolankhula isiXhosa ndi wina wa Sesotho, muwagulire kota (buledi woikamo tchipisi uja), akujambulireni pa foni mayina 30 omwe amabwerabwera m'nkhani: Gqeberha, Ekurhuleni, Mpumalanga, Qwaqwa, mayina a nduna. Muzimvera m'takisi. Pa pepala lowerengera muzilemba pambali mmene likumvekera m'makutu mwanu. Ndipo chenjerani ndi r ndi l, ife kwathu timazisinthanitsa osamva kanthu, koma mawu a Chingerezi onena za chisankho mukawaphonya pamenepo, foni za omvera sizidzasiya kulira.

Mnyanja_wa_Chipata
Kkkkkk ameneyo anagwetsapo anthu ambiri, ngakhale kwathu.

AnaPhiri_Rosettenville
Sekani, koma ine ndinene za chizimayi poti amuna simungaziganize. Pulogalamu ya m'mawa imayamba 6 koloko kapena isanakwane, ndiye wolemba nkhani amafunika atafika kukadali mdima. Ufunsiretu kuti pa shifiti yotere amakutenga ndi galimoto kapena ayi. Akati ayi, pempha ya masana, usachite manyazi. Usayende wekha ku renki ya matakisi ya Bree 4 koloko m'mawa ndi laputopu kumsana chifukwa cha siginecha. Chachiwiri, akapezeka wamkulu wina woyamba kukuitanira ku chakudya chamadzulo kuti akakuphunzitse bwino ntchito, sunga mauthenga akewo, ukauze mphunzitsi wako tsiku lomwelo. Mwana wa mchemwali wanga anapirira zotere mwezi wathunthu poopa kuti sakamusainira. Kabuku kangasainidwe kwina.

Mtsikana_wa_Kasungu
Apa ndiye palibe chotsutsa.

Dolo_wa_Randburg
Chabwino, ndagonja pang'ono. Koma tamvera Nachisale, kulikonse upite, chilichonse chomwe chaulutsidwa ndi mawu ako uzichisunga tsiku lomwelo, pa foni ndi pa imelo. Mawailesi ang'onoang'ono sasunga zinthu nthawi yaitali, ukadzabwera pakatha miyezi itatu adzakuuza kuti kompyuta ija inafa. Ika Audacity pa laputopu, ndi yaulere, uphunzire kudula mawu wekha osadikira wa mu situdiyo. Ukatero chaka chamawa ukagogode ku mayina anga aja uli ndi chonyamula.

Kamba_wa_Mawu
A Dolo alankhula zanzeru, lembani tsiku.

Nachisale_Braam
Ndabweranso patatha masiku 9, ndikuuzeni mmene zayendera. Kalata ya ku ofesi ya ophunzira akunja ndinatenga. Ndinajambula mphindi ziwiri zija m'kabati ya zovala chifukwa kuchipinda kwathu kumamveka matakisi. Ndinalembera akonzi anayi, wa ku desiki ya Chinyanja ndikudikirabe yankho. Koma Lachitatu ndinangonyamuka kupita ndekha pa wailesi ina ya m'dera, osapangana ndi munthu. Anandidikiritsa maola awiri pabenchi. Mkonzi atatuluka anamvera pa foni yanga ali chiimire, sanamalize n'komwe, anangoti tenga chojambulira ichi, pita pa renki ukafunse anthu asanu za kukwera kwa mtengo wa takisi, ubwere isanakwane 3. Anthu 11 anandikana, mmodzi anandifunsa kuti ndine wa kuti. Wachisanu wovomera anali bambo wa ku Mangochi wosoka nsapato, ndinachita kumumasulira mawu ake ndekha pamwamba. Anaiulutsa 5 koloko, masekondi 50. Ndiyamba Lolemba, shifiti ya masana. Malipiro palibe Mayi Phiri, koma ndinalimba mtima n'kufunsa, avomera kumandipatsa ya takisi masiku omwe anditumiza kunja.

AnaPhiri_Rosettenville
Ya takisiyo akulembere papepala. Ndipo masabata 6 akakwana ndidzakufunsa pompano.

Gogo_Theba
Utiuze nambala ya wailesiyo ku inbox mdzukulu, ndikufuna ndimve ndekha.

Nachisale_Braam
Ndikutumizirani agogo. Alipo ali ndi mahedifoni otseka makutu onse oti andibwereke mpaka Julayi? Anga akumveka mbali imodzi.

Dolo_wa_Randburg
Ndili nawo, koma udzawatengere ku Randburg.